Phokoso latitha makutu ndi tulo kuno ku Salima

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ambiri kuno ku Salima timangoing'ung'udzira pakhonde, osaitulutsa pabwalo. Nkhani yake ndi ya phokoso. Ndine bambo wa zaka 61, ndimakhala chakuseri kwa Kamuzu Road, ndipo zaka 22 za moyo wanga ndidazithera m'chigayo. Kalatayi ndikulemba makutu anga atatha kale, choncho zambiri zimene ndinene pano ndazidziwira pathupi panga.

Amene adakhalako ku Salima mwezi wa Okutobala akudziwa mmene nyenje zimalirira dzuwa likafika paliwombo. Kulira kumeneko kuli m'mutu mwanga usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja. Ndikagona, nyenje zanga zili nziii. Ndikadzuka pakati pa usiku kukataya madzi, zili pomwepo. Papita zaka 9 chiyambire, ndipo sizidapumeko ngakhale tsiku limodzi.

Ndidalowa ntchito ya m'chigayo ndisadakwatire. Chidali chigayo cha dizilo, chija cha lamba wamtali, ndipo pambuyo pake abwana adaonjezera chokonolera ndi makina a mpunga, popeza alimi a ku Lifuwu ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ankabwera ndi matumba pangolo. Nyengo yokolola tinkaliza injini tambala atangolira kachiwiri, n'kudzazimitsa anthu atadya kale nsima yamadzulo. Amene sadaimepo pafupi ndi chigayo tsiku lonse sangamvetse. Nyundo zikamamenya chimanga pa sefa, phokoso lake limalowa m'mano ndi m'chifuwa, mpaka pansi pamene waponda pamachita kunjenjemera. Kulankhulana kudali kwa manja. Mayi akakweza zala zitatu, ndiye kuti matini atatu. Akaloza mphale, ndiye kuti akufuna ufa woyera. Akapukusa mutu, ndiye mgaiwa. Ndalama tinkawerengerana ndi maso. Ena mwa ife tinkatsomeka thonje m'makutu, popeza kuno thonje silisowa, osadziwa kuti thonje limangotchinga fumbi la ufa, phokoso limadutsa bwinobwino.

Tikazimitsa injini madzulo, makutu ankakhala ngati alowa madzi, monga zimachitikira ukadumphira m'nyanja. Mnzako akulankhula pafupi pomwepa, iwe n'kumamumva ngati ali kuseri kwa khoma. Pofika m'mawa zinkatha. Patapita zaka, phokoso lenilenilo lidasiya kutipweteka, ndipo anyamata atsopano tinkawauza monyadira kuti, "Limba mtima mphwanga, uzolowera." Mawu amenewa, Akonzi, ndi amene andilembetsa kalatayi, chifukwa ndikuwamva paliponse m'tauni muno. Wogulitsa tomato pafupi ndi sipika akuti wazolowera. Mayi wokhala kuseri kwa malo omwera mowa akuti wazolowera. Ine ndidazolowera chifukwa makutu anga ankafa pang'onopang'ono. Chimene ndinkachitcha kuzolowera chidali kugontha kumene.

Adayamba kuzindikira ndi mayi akunyumba. Ankadandaula kuti wailesi ndikukweza kwambiri, ndiponso kuti ndikamalankhula nawo ndikuchita ngati ndikukalipa. Ine ndinkawanena kuti akulankhulira m'kamwa. Tidakanganapo kangapo pa nkhani zopanda mutu: iwo akuti adandiuza, ine ndikuti sadandiuze. Kugontha kobwera ndi phokoso kumalowa mozemba. Kulira kwa ng'ombe, kwa lole kapena kwa bingu ndimamva ndithu. Zimene zidapita ndi timawu tating'ono tosongoka: timba ndi mpheta m'mamawa, mawu a ana, ndi zilembo monga s, f ndi ts. Munthu akati "sopo" ine ndimamva "opo", zotsalazo ndizichita kuganizira. Pamaliro kapena pamsonkhano, pamene anthu ambiri akulankhula nthawi imodzi, ndimangogwedeza mutu. Ndidali munthu wokonda kucheza pabawo, lero ndimakhala kunyumba, chifukwa kufunsa kuti "mwati bwanji?" kachitatu kumachititsa manyazi, ndipo anzako amatopa nawe. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti mdzukulu wanga wamng'ono akandiitana kuti "agogo" ali kumbuyo kwanga sinditembenuka, ndipo mwanayo amayesa ndamukwiyira.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi mphunzitsi, ndiye adanditengera ku Lilongwe kuchipatala choyeza makutu. Adandilowetsa m'kachipinda kotseka bwino, kundiveka mahedifoni, n'kundipatsa kabatani koti ndizidina ndikamva kulira. Ndidakhala nthawi yaitali chala chili pabatani osadina, ndikuwaona adokotala kudzera pagalasi akulemba. Pepala limene adandionetsa lidali ndi mzere woyambira pamwamba n'kutsetsereka ngati msewu wochoka ku Mvera kutsikira kuno ku Salima. Funso lawo loyamba lidali lakuti, "Bambo, munkagwira ntchito yanji?" Nditatchula chigayo adangogwedeza mutu.

Adandilongosolera motere. Mkati mwenimweni mwa khutu, kupitirira kanembanemba kaja kamagwedezeka ngati chikopa cha ng'oma, muli kanthu kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi timaubweya, pafupifupi 16,000, timene timagwedezeka mawu akalowa n'kutumiza uthenga ku ubongo. Phokoso lalikulu limagoneka pansi timaubweya timeneti. Munthu akapumula timadzuka, n'chifukwa chake makutu anga ankatseguka m'mawa. Koma zili ngati udzu wa panjira ya kumjigo: ukaupondapo kamodzi umadzuka, ukamapondapo tsiku ndi tsiku pamatsala dothi lokhalokha. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni, opaleshoni kapena mankhwala azitsamba amene angatidzutse. Kachipangizo kothandiza kumva kamene ndimavala kamangokweza mawu kuti totsalato tigwireko. Kamafuna mabatire, kamadana ndi thukuta, ndipo nyenje zija sikazichotseratu.

Kuchokera tsiku limenelo ndidayamba kufunsafunsa ndi kuwerenga. Phokoso amaliyeza ndi muyezo wotchedwa decibel. Kunong'ona ndi ma decibel 30, kucheza kwa anthu awiri ndi pafupifupi 60. Akatswiri a za umoyo wa pantchito amati phokoso likafika pa 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8 pa tsiku. Muyezowu umafunika kuumvetsa bwino, chifukwa mukangoonjezera 3 mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri, ndipo nthawi imene khutu lingapirire yadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, ndipo pofika pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Ife makina oyezera tilibe, koma pali njira imene aliyense angayesere. Ngati mnzako waima poti mukhoza kupatsana moni wa pamanja, komabe ukuyenera kukuwa kuti akumve, dziwa kuti pamalopo makutu akuonongeka. Ine pamalo otero ndidakhalapo zaka 22.

Tsono tengani njira imeneyi muyende nayo masana kuchokera kudepoti, kudutsa Kamuzu Road mpaka kumsika. Sitolo yogulitsa mafoni, ina yoika nyimbo m'mamemori khadi, zonse zatulutsa masipika pakhonde, aliyense akufuna kuposa mnzake. Nyumba zoonetsa mavidiyo zayang'anitsa zimkuzamawu kumsewu, m'katimo mutadzaza ana a sukulu. Anyamata ena a kabaza wa njinga zamoto amachita kuboola ekizozi dala kuti izilira ngati mfuti. Owotcherera akudula zitsulo ndi gilayinda, m'maso avala magalasi, m'makutu mulibe kanthu. Magetsi akazima majenereta amayamba onse pamodzi. Onjezerani magalimoto otsatsa malonda, ndi aja a kampeni a mbali zonse amene tidawaona chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisadachitike. Kale Salima inkadziwika ndi belu la njinga yakapalasa, lero belulo ngakhale wa makutu abwino salimva. Ndiye mnyamata akafuna kumva nyimbo yake pamwamba pa zonsezi, amatsomeka timahedifoni m'makutu n'kukweza mpaka kumapeto. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni, a zaka za pakati pa 12 ndi 35, ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kotere ka nyimbo ndi phokoso la m'malo a zisangalalo. Ana athu ali m'gulu limenelo.

Masana munthu ukhoza kuthawa. Usiku uthawira kuti? Kuseri kwa nyumba yathu, kungodumpha mpanda ndi kanjira, kudatsegulidwa bala zaka zitatu zapitazo. Dzina lake sinditchula, popeza siili yokha ndipo cholinga changa si kuyalutsa munthu. Kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu nyimbo zimafika atambala. Wina adandilangiza kuti ndizitseka mawindo. Munthu ameneyo sadagonepo ku Salima mu Novembala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, pamene mphasa imene imatentha ngati yachoka pamoto. Ukatseka windo upsa, ukatsegula ndiye kuti walowetsa bala yonse kuchipinda. Ndipotu kutsekako sikuthandiza kwenikweni, chifukwa besi ija ya gu! gu! gu! imadutsa m'khoma. Mbale za m'kabati zimachita kulira, malata n'kumayankha. Ine wogontha ndimaimva m'nthiti. Nanga amene makutu awo ali bwino?

Mayi akunyumba ali ndi BP. Adawapeza nayo bala isadabwere, choncho sindinganamizire munthu kuti ndiye adawapatsa matendawa. Chimene ndikuona n'chakuti Lolemba lililonse amadzuka maso ali psuu, mutu ukuwawa chakunkhongo, mtima ukugunda ngati athamanga. Akakayezetsa sabata imene sadagone, manambala m'buku lawo la kuchipatala amakhala okwera, chonsecho mankhwala akumwa mokhulupirika ndipo mchere adachepetsa kalekale. Chifukwa chake azaumoyo akuchidziwa. Maso ali ndi zikope, makutu alibe chitseko. Munthu ali m'tulo khutu limagwirabe ntchito ngati mlonda, ndipo likamva chiphokoso thupi limayesa kwagwa zoopsa. Limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umafulumira, mitsempha ya magazi imafinyika. Izi zimachitika ngakhale munthuyo asadzidzimuke n'komwe. Usiku umodzi si kanthu, koma zikakhala za chaka ndi chaka mtima ndi mitsempha zimatopa.

WHO imalangiza kuti m'chipinda chogona phokoso losalekeza lisapitirire ma decibel 30, kuja kwa kunong'ona, ndipo m'malangizo ake a 2018 idati phokoso la pamsewu usiku lizikhala pansi pa 45. Lipoti lake la 2011 lidapeza kuti kumadzulo kwa Ulaya kokha, phokoso la magalimoto, sitima ndi ndege limalanda anthu zaka za moyo wathanzi zosachepera 1 miliyoni chaka chilichonse, ndipo gawo lalikulu la zakazo limapita chifukwa cha kusokonezeka kwa tulo. Kumeneko n'kwa anthu a nyumba za makoma okhuthala ndi mawindo otseka bwino. Kuno kwathu, kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sakudziwa. Anthu amenewa ndi amene tikuwamana tulo.

Tisaiwalenso ogona masana. Asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka amachezera panyanja ndi nyali kusaka usipa, alonda ndi anamwino amaweruka m'mawa, ndipo akafika kunyumba amapeza sipika ya aneba yadzuka kale. Dalaivala wa minibasi amene sadagone usiku ndi yemweyo atinyamule m'mamawa kukwera nafe mapiri a msewu wa ku Lilongwe.

Tikulera mdzukulu wamkazi, mwana wa mwana wathu woyamba, amene ali mu Sitandade 8. Amawerenga usiku ndi nyali ya sola, zala zili m'makutu, chigongono chikupanikiza buku kuti lisatsekeke. Tsiku lina ndidamuona ali patsamba limodzi kwa theka la ola, milomo ikuyenda. Ndidasangalala poyesa akuloweza, koma nditayang'anitsitsa (ife ogontha timawerenga milomo) ndidaona kuti milomoyo ikutsatira nyimbo ya kubala, nyimbo yake yosayenera n'komwe kutuluka pakamwa pa mwana. Amayi ake aang'ono, aphunzitsi aja, akuti m'kalasi mwawo ana ogona pafupi ndi malo omwera amawadziwira kusinza kwa Lolemba. Ndi iwo amene adandiuza za sukulu ina ya ku New York yomwe idali m'mphepete mwa njanji. M'chaka cha 1975 katswiri wina, Arline Bronzaft, adafananiza ana a makalasi oyang'ana kunjanji ndi a mbali yachete ya sukulu yomweyo. Pofika kalasi lachisanu ndi chimodzi, a kunjanji adali atatsalira pa kuwerenga ndi pafupifupi chaka chathunthu. Ataika mphira panjanjipo ndi zotchinga phokoso kudenga la makalasi, kusiyanako kudatha. Sukulu idali yomweyo, chidasintha ndi phokoso lokha. Mwana wathuyu akadzalephera mayeso tidzati ngwaulesi, kapena tidzaloza aphunzitsi chala, osakumbukira kuti chaka chonse sadagone bwino.

Loweruka lina, cha m'ma 1 koloko usiku, mayi atakhala tsonga pamphasa atagwira mutu, ndidavala malaya n'kupita kubala kuja. Mwini wake ndi mwana wa mayi wina amene ndinkawagayira chimanga, ndipo adandilandira mwaulemu ndithu. Tidatuluka panja kuti timvane. Ndidati, "Mwana wanga, amayi ako kuseri kuno sakugona, ndipo ndi a BP." Iye adati, "Ndamva madala, pepani. Koma ndikatsitsa, makasitomala athawira kwa mnzanga uko. Ana anga adya chiyani?" Pa za ana sindidamutsutse. Ndalama ikuvuta, ndipo inenso ana anga ndidawalera ndi phokoso. Adatsitsako usiku umenewo, koma sabata yotsatira zidabwerera mwakale.

Chimene chidandisowetsa mtendere ndidachiona mkati, pamene ndinkamudikira. Pakauntala padali mnyamata wa zaka ngati 20, chisipika chotalika ngati kabati chili kumbuyo kwake kwenikweni. Kasitomala akaitanitsa chakumwa, mnyamatayo ankapendeketsa mutu kupereka khutu lakumanja, dzanja atalikunga kuseri kwa khutulo, maso ali pamilomo ya wolankhulayo. Kenaka ankakweza zala kuti atsimikize: ziwiri? zitatu? Akonzi, ndidadziona ndekha ndili m'chigayo. Kapendekedwe ka mutu komweko, zala zomwezo. Patapita masiku ndidakumana naye kumsika, ndipo ndidamufunsa ngati makutu ake salira akaweruka. Adati amalira mpaka masana, koma azolowera. Malipiro ake a pamwezi sangagule kachipangizo kamene ndavala ine. Akapitiriza kuima pamenepaja, tsiku lina mwana wake adzamuitana ali kumbuyo, iye osatembenuka.

Nditabwerako ndidayendera aneba kuti tikadandaule pamodzi kwa amfumu. Pakhonde aliyense adali ndi zonena zambiri, koma tsiku lopita tidapezeka awiri. Ena adati tidzaoneka ansanje, ena adati mawa bizinesiyo ikagwa adzati tailodza ndife. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, tidaleredwa kuti usamayambane ndi mnzako wokhala naye pafupi, popeza ndi amene adzayambe kufika pakhomo pako pakagwa zovuta. Koma ulemu umenewu bwanji ukuyenda njira imodzi? Amene ali pa lendi amangosamuka mwakachetechete. Ife amene tidaumba njerwa ndi manja athu n'kumanga, tisamukira kuti pa msinkhu uno?

Ndingakhale wachinyengo nditangoloza mabala okha. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo pamene tinkasonkha ndalama zogulira zimkuzamawu zazikulu ndidasonkha nawo mokondwa. Lero tchalitchi cha anthu ochepa chili ndi masipika okwanira bwalo la mpira, ena tidawapachika panja kuyang'ana kunyumba za anthu. Mapemphero ochezera usiku ndi abwino, inenso ndimawakonda, koma kuseri kwa khoma kuli wodwala malungo, kuli khanda, kuli mnzathu wachisilamu amene adzuke m'bandakucha kupita kumapemphero ake. Belu la tchalitchi ndi kuitana kwa kumzikiti tidakula nazo, n'za mphindi zochepa. Zimene ndikunena ine ndi kiyibodi ndi maikolofoni kuyambira madzulo mpaka kutacha, pakati pa nyumba zogona anthu. Nkhaniyi ndidaitula kale pamsonkhano wa akulu a mpingo kwathu. Ena adandimva, ena adati ndikufuna kuzimitsa moto wauzimu.

Pazikwati ndi pazinkhoswe ndiye pomvetsa chisoni. Nthawi ya perekaniperekani mayi amavina kupita kutsogolo, mwana wa miyezi inayi ali kumbuyo, n'kukaima pafupi penipeni ndi sipika akuponya ndalama. Khanda silingatseke makutu kapena kunena kuti zikupweteka, likalira timati lamva njala. Mu 2022 WHO idatulutsa muyezo wa malo a zisangalalo wonena kuti phokoso lisapitirire ma decibel 100, kuti pazikhala malo achete opumitsirako makutu, ndiponso kuti zotsekera m'makutu zizipezeka kwa ozifuna. Kumbukirani kuti 100 ameneyu ndi uja wa mphindi 15. Makolo athu ankavina chimtali, mganda ndi gule kubwalo, ng'oma zikumveka mpaka mudzi wachitatu. Koma ng'oma ili ndi polekezera chifukwa manja a woimba amatopa, ndipo bwalo silinkakhala pawindo la munthu. Sipika ilibe manja oti atope.

Sindikupempha kuti Salima ikhale zii ngati kumanda. Anthu agulitse, akwatire, apemphere, alendo abwere kunyanja adzasangalale, umo ndi momwe ambiri timadyera. Ndikupempha malire, ndipo poyambira palipo kale. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limati boma liziyesetsa kuti Amalawi azikhala ndi kugwira ntchito pamalo osaononga thanzi. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene lidakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo kupanga malamulo awoawo a m'dera. Tsono makhansala athu, mafumu ndi apolisi akhale pansi ndi eni mabala, ma DJ, ndi atsogoleri a zipembedzo zonse, agwirizane ola limene nyimbo zizitsitsidwa ndi masipika a panja kuzimitsidwa, kwa onse nthawi imodzi. Ndikuti kwa onse chifukwa cha mawu a mwini bala uja, amene adali oona: sangatsitse yekha mnzake akukweza. Popereka laisensi ya bala kapena chilolezo cha chigayo, aziyamba aona ngati pafupi pali nyumba zogona, sukulu kapena chipatala. Masipika aziyang'ana mkati, kwa amene abwerera nyimbozo.

Inu eni zigayo ndi mashopu owotcherera, lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 likukukhudzani. Zotsekera m'makutu zenizeni, zija za siponji, mtengo wake sufika pa lamba mmodzi wa chigayo, ndipo zilipo zina zovala kumutu ngati mahedifoni zimene zimakhalitsa. Anyamata azisinthana pamakina, wina azituluka kukapumitsa makutu pamthunzi. Abwana anga sadali munthu woipa. Sankadziwa, monga inenso sindinkadziwa, ndipo iwonso adakalamba akufunsa "mwati bwanji?"

Pa 3 Malichi chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la kumva. Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino ndi lakuti pa tsikulo oyeza makutu abwere ndi zipangizo zawo adzakhale pa Kamuzu Road, chifukwa mnyamata wa m'chigayo sangasiye ntchito n'kulipira minibasi ya ku Lilongwe kukayezetsa khutu limene iye akuti lazolowera. Zigayo za m'tauni muno ndikuzidziwa zonse, anyamata ake ndidzakawatenga ndekha. Wa pakauntala uja ndamuuza kale ndipo wavomera. Pakali pano ndamugulira zotsekera m'makutu za siponji. Loweruka lapitali ndinasuzumira pakhomo la bala, ndipo ndinaona kuti wavala kumanzere kokha. Khutu lakumanja walisiya lotsegula kuti azimva makasitomala.

Ine wanu,
Wakale wa m'chigayo,
Kamuzu Road, Salima.